Chitsulo n'chimodzi, china chikuthyoka china chikudyeka: nkhani ya moto, madzi ndi mpweya wa m'ng'anjo

Sabata yatha ndinali ku Biwi kukonzetsa galimoto, ndiye ndikudikira makaniko amalize paja panabuka kamkangano pa shedi yoyandikana nayo. Bambo wina wa chigayo wochokera cha ku Mitundu anabwera ndi mahamala a chigayo m'kathumba ka feteleza, anawakhuthula pansi ali wokwiya ndithu. Ena anali atadyeka m'mphepete ngati sopo wotsala, pa masabata atatu okha, pomwe awiri anali atathyoka pakati penipeni pa bowo. Onsewo anadulidwa ku sipuling'i imodzi ya lole. Wina akuti chitsulo chake n'chabodza, wina akuti sipuling'iyo inali yotopa kale, wina akuti zitsulo za masiku ano n'zachabechabe basi.

Panali madala ena osula makasu ndi nkhwangwa amene amakhala chapafupi. Sanalankhule zambiri, anangotenga tupa n'kupala hamala yodyeka ija, mano a tupa analuma bwinobwino mpaka tizitsulo kumayoyoka. Atapala yothyoka ija mano anangotsetsereka, kumveka ngati ukukanda botolo. Kenako anati, "Mwana wanga, chitsulo n'chimodzi ichi. Wothyokayu anamuthira madzi ali wofiira, wodyekayu anamusiya azizire yekha. Onse awiri sanaphikidwe bwino."

Mawu amenewa ndi amene andipangitsa kulemba izi, chifukwa zimene madala aja amazidziwa ndi maso ndi khutu ndi zomwezo zimene mafakitale opanga magiya, mabawuti ndi masipuling'i amawonongerapo ndalama zankhaninkhani. Pa Chingerezi amati heat treatment, kutanthauza kutenthetsa chitsulo mpaka pa mulingo wina wake, kuchisunga pamenepo kwa nthawi yoikika, kenako kuchiziziritsa pa liwiro loyenera kuti khalidwe lake lisinthe. Si kusungunula ayi, ayironi amasungunuka pa madigiri 1538 ndipo pano sitifikako. Si kusintha maonekedwe. Chitsulo chimatuluka chikuoneka momwe chinalowera koma mkati mwake muli zina.

Kaboni ndiye mwini nkhani

Chimene timangochitcha chitsulo pa geti, pa khasu, pa sipanala, ndi ayironi wosakaniza ndi kaboni pang'ono, kaboni yemweyu amene wadzadza m'makala. Pang'ono pake ndi pang'ono zedi. Zitsulo zimene owotcherera a ku Mchesi ndi ku Kawale amapangira mageti, mafelemu a mawindo ndi mabagala ba zimakhala ndi kaboni wosapitirira 0.25 peresenti. Sipuling'i ya galimoto imakhala cha m'ma 0.6 peresenti. Tupa ndi timipira ta m'mabering'i ndi cha m'ma 1 peresenti. Ukadutsa 2 peresenti walowa ku chitsulo chothira m'chikombole chija chimene chimasweka ngati mbale ukachimenya ndi nyundo.

Kusiyana kwakung'onoku ndi kumene kumalamula zonse. Chitsulo cha geti ungachifiiritse bwanji n'kuchiponya m'madzi, sichilimba kwenikweni chifukwa kaboni wake ndi wochepa. N'chifukwa chake osula akafuna kupanga chikwanje kapena tchizulo amasakasaka sipuling'i yakale kapena tupa lakutha, osati engo ayironi. Ena amayesa pa gilayinda: chitsulo cha kaboni wochepa chimatulutsa nthethe zazitali zowongoka, cha kaboni wambiri nthethe zake zimaphulika kumapeto ngati tinyenyezi tambirimbiri.

Zimene zimachitika mkati chikafiira

Tiyerekeze ndi minibasi ya ku Area 25 nthawi yoweruka. Maatomu a ayironi, tizidutswa ting'onoting'ono timene timapanga chitsulo, amakhala m'mizere yake ngati anthu pa mipando. Chitsulo chikakhala chozizira kakhalidwe ka mizereyi kamasiya timipata tating'ono kwambiri moti kaboni sakwanamo, amangolowamo wosapitirira 0.02 peresenti basi. Wotsalayo amakaunjikana payekha, kugwirana ndi ayironi wina n'kupanga timizere tolimba pakati pa ayironi wofewa.

Ukatenthetsa kudutsa madigiri 727 mizere ija imayamba kusintha kakhalidwe, ngati kuti mipando yakonzedwanso mwa njira ina ndipo mipata yakula, ndiye kaboni uja amasungunukira mkati n'kumwazikana paliponse, chitsulo chikadali chouma osati chamadzi. Mkhalidwe umenewu amautcha austenite, potengera dzina la katswiri wa ku Britain William Roberts-Austen. Kwa ayironi wopanda kaboni kusinthaku kumachitika pa madigiri 912, ndiye chitsulo chilichonse chili ndi mulingo wake malinga ndi kaboni amene chili naye. Cha sipuling'i chimafuna cha m'ma 830 mpaka 850.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. Ukaziziritsa pang'onopang'ono kaboni amapeza nthawi yotsika pa siteji, mizere imabwerera mwakale mwamtendere, chitsulo chimafewa. Koma ukaziziritsa mwadzidzidzi zili ngati kondakitala wamenyetsa chitseko anthu onse akadali mkati ndi katundu wawo, mipando ikufuna kubwerera mwakale koma kaboni wapanikizika pakati, palibe angasunthe ngakhale mwendo. Kupanikizana kumeneku ndiye kulimba. Mkhalidwe wake amautcha martensite, dzina lochokera kwa Adolf Martens wa ku Germany. Ndi wolimba moti tupa sililuma, koma ndi wosachedwa kusweka ngati galasi. Mahamala awiri othyoka aja anali otere.

Madala aja alibe chopimira kutentha koma ali ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndi mtundu wa chitsulo: cha m'ma 600 chimafiira moderako, cha m'ma 800 chimafiira mowala, chikamapita ku 900 ndi 1000 chimasanduka olenji kenako chikasu. N'chifukwa chake chipala chimakhala pamthunzi, padzuwa la masana maso amanama ndipo umapitiriza moto osadziwa. Chachiwiri ndi maginito a sipika yakale amene anamangirira ku waya. Chitsulo chikafika pafupifupi madigiri 770 maginito amasiya kugwira, ndiye iwo amadziwa kuti kwatsala pang'ono, awonjezere kamoto pang'ono kenako aviike. Ine chimenechi chimandisangalatsa kwambiri, chifukwa ndi sayansi yeniyeni yochitika ndi sipika yotayidwa.

Kupitiriza moto nakonso n'koipa. Chitsulo chikakhalitsa pa kutentha kopyola muyezo timagulu ta mkati mwake timakula, ndipo chikathyoka pothyokapo pamaoneka ngati shuga wa mibulu ikuluikulu. Chophikidwa bwino pothyoka pamaoneka posalala motuwa ngati ufa.

Kuviika: madzi kapena oyilo

Kuziziritsa mwadzidzidzi kuja amati quenching. Madzi a mchere ndi amene amaziziritsa mwachangu kwambiri, kenako madzi wamba, kenako oyilo, pomaliza mpweya. Anthu amakangana kuti chabwino n'chiti koma yankho limadalira chitsulo chake. Chitsulo cha kaboni yekha chimafuna liwiro ndiye madzi amathandiza. Cha sipuling'i chimakhala ndi zosakaniza zina ngati chromium ndi manganese zimene zimachititsa kuti chilimbe ngakhale chizizire mofatsirako, ndiye oyilo amakwana, ukachiponya m'madzi kunja kumazizira n'kuuma mkati mukadali motentha, zimakokana, umangomva "thi" kamng'alu kalowa, nthawi zina osaoneka ndi maso mpaka tsiku limene chidzathyoke chili pa ntchito. Ming'alu imakonda kuyambira pa bowo, pa ngodya yakuthwa, ndi pamene chochindikala chakumana ndi chopyapyala.

M'mafakitale amagwiritsa ntchito oyilo wopangidwira ntchito imeneyi, amamutenthetsako pang'ono komanso amamuvundula ndi mapampu kuti chitsulo chizizire mofanana mbali zonse. Kuno ambiri amatenga oyilo wakutha wa mu injini chifukwa ndi amene amapezeka. Amagwira ntchito ndithu koma utsi wake ndi woipa m'mapapo, amayaka msanga, ndipo akakhala ndi madzi pansi pa chitini amatha kufufuma n'kukuthira kumaso.

Kubweza ukali

Chitsulo chongoviikidwa kumene sichinathe. Chimayenera kubwerera pa moto wofatsa, pakati pa madigiri 150 ndi 650 malinga ndi ntchito yake, kuti kupanikizana kuja kuchepeko. Uku ndiye tempering. Umataya kulimba pang'ono n'kupeza kupirira, kuti chikamenyedwa chisasweke. Mpeni ndi tupa zimabwezedwa pang'ono, cha m'ma 200. Masipuling'i ndi mabawuti olimba amapitirira 400.

Madala aja anandionetsa pa tchizulo. Ataviika nsonga yokha, anaitulutsa msanga n'kuipala ndi mwala mpaka kuyera, kenako tinangoyang'ana kutentha kotsala ku thupi kukutsikira ku nsonga. Mitundu inayamba kuyenda ngati utawaleza, kutsogolo kachikasu kotuwa ngati udzu wouma, pambuyo pake bulawuni, kenako pepo, kenako buluu. Chikasu chija ndi pafupifupi madigiri 230, pepo cha m'ma 280, buluu cha m'ma 300. Mtundu umene amaufuna utangofika pa nsonga anaviika yonse kuti uime pomwepo. Anati, "Ukaphethira wachedwa." Mitundu imeneyi ndi kachikopa kopyapyala zedi kamene okosijeni wa mumpweya amapanga pamwamba pa chitsulo, ndipo musakaiwale kachikopa kameneka chifukwa tikubwera komweko.

Pali njira zinanso zofewetsa. Annealing ndi kufiiritsa kenako kuziziritsa pang'onopang'ono kwambiri, m'ng'anjo yozimitsa kapena kukwirira m'phulusa usiku wonse, kuti chitsulo chibooleke ndi kudulika mosavuta. Normalising ndi kuchisiya chizizire pa mpweya kuti timagulu ta mkati tikhale tating'ono tofanana pambuyo posula. Ndipo si zitsulo zonse zimamvera lamulo limodzi. Kopa ukamufiiritsa n'kumuponya m'madzi salimba, amafewa, ndi chifukwa chake amakaniko amatero ndi mawashala a kopa akale kuti atseke bwino. Aluminiyamu wa ndege amalimba mwa njira yakeyake imene Alfred Wilm anaitulukira ku Germany mu 1906: amamuviika, kenako amalimba yekha pang'onopang'ono pakapita masiku.

Mdani amene sitimuona: mpweya womwe tikupumawu

Mpweya uli ndi nayitrojeni 78 peresenti, okosijeni 21 peresenti, argon pafupifupi 1 peresenti, kuphatikizapo chinyezi. Pa chitsulo chozizira okosijeni ndi chinyezi zimabweretsa dzimbiri pa miyezi kapena zaka. Pa chitsulo chofiira zomwezo zimachitika pa mphindi zochepa. Makoko akuda aja amene amayoyoka osula akamamenya khasu ndi chitsulo chimene chapsa, chatayika. Pa khasu zilibe kanthu kwenikweni. Koma taganizani giya kapena bering'i imene yasemedwa pa makina mpaka muyezo wake kulondola kuposa kuchindikala kwa tsitsi, ikachita makoko ndiye kuti yatha ntchito.

Vuto lachiwiri ndi loipa kuposa chifukwa silioneka. Kuyambira cha m'ma 700 kupita m'mwamba okosijeni ndi nthunzi zimakoka kaboni wa pamwamba pa chitsulo n'kuthawa naye ngati gasi. Amati decarburisation, kutha kwa kaboni pa khungu. Ndiye umaviika bwinobwino, mkati mwalimba, koma khungu la kunja latsala lofewa ngati la geti, pomwe khungulo ndi limene limakhudzana ndi ntchito. Mpeni wotere sugwira kuthwa mpaka utanola kwambiri kudutsa khungulo. Pa sipuling'i ndi zoopsa chifukwa ming'alu ya kutopa imayambira pamwamba, ndiye sipuling'i imene imayenera kukhala zaka imathyoka msanga pa mabampu.

Wowotcha makala aliyense amaidziwa nkhaniyi ngakhale sanalowepo m'fakitale. Uvuni wa makala amaukwirira ndi dothi kuti mpweya usalowe wambiri, ndipo usiku amadzuka kukatseka pamene pabooka, chifukwa akagona m'mawa apeza phulusa m'malo mwa makala. Moto ndi womwewo, nkhuni ndi zomwezo, chasintha ndi mpweya. Matumba a PICS osungira chimanga nawonso nzeru yake ndi yomweyo, tsekera okosijeni kunja anankafumbwe afe okha. M'fakitale amachita chimodzimodzi koma m'malo mongotseka amathamangitsa mpweya wamba m'ng'anjo n'kulowetsamo gasi wosankhidwa amene sawononga chitsulo. Ameneyu ndiye amatchedwa protective atmosphere, mpweya woteteza.

Magasi ake ndi ati

Wotchipa komanso wofala ndi nayitrojeni. Amamupatula ku mpweya womwewu, pena poziziritsa mpweya mpaka usanduke madzi, nayitrojeni amawira pa madigiri 196 kunsi kwa ziro, pena ndi makina osefa ofanana ndi amene amapanga okosijeni m'zipatala kungoti apa chimene ukusunga ndi chinacho. Ntchito yake ndi kungodzadza malo kuti okosijeni asapeze pokhala. Koma payekha sachotsa kaokosijeni kotsalira kapena kolowera m'ming'alu ya chitseko, ndiye nthawi zambiri amamusakaniza ndi haidrojeni pang'ono, mwachitsanzo 5 peresenti.

Haidrojeni ndi wolusa, amalanda okosijeni ngakhale amene wagwira kale pa chitsulo n'kumusandutsa nthunzi. Ndi amene amachititsa kuti mapaipi ndi mawaya a stainless steel, chitsulo chija chosachita dzimbiri, atuluke m'ng'anjo ya madigiri opitirira 1000 akunyezimira ngati sanalowe pamoto. Stainless ili ndi chromium wosachepera 10.5 peresenti ndipo chromium amakonda okosijeni kwambiri, ndiye gasi wake ayenera kukhala wouma zedi. Ena amapeza haidrojeni poswa gasi wa ammonia ndi kutentha, zimatuluka magawo 75 haidrojeni ndi 25 nayitrojeni.

Argon ndi wodula koma sagwirizana ndi chilichonse. Amamugwiritsa ntchito pa zitsulo ngati titanium zimene ngakhale nayitrojeni amaziwononga zikatentha. Ndipo pali ng'anjo zina zimene sizilowetsa gasi n'komwe, zimapopa mpweya wonse kutuluka mpaka mkati mutsale mopanda kanthu. Zimenezi ndi za zipangizo za ndege, za madokotala ndi zikombole zodula, zimatulutsa katundu woyera bwino koma mtengo wake ndi magetsi ake si zamasewera.

Koma amene wagwira ntchito yaikulu m'mafakitale a zida za galimoto ndi endothermic gas, ambiri amangoti endogas. Amamupanga posakaniza gasi wophikira ndi mpweya wochepa, wosakwana kuyatsa moto weniweni, n'kudutsitsa pa chitsulo cha nickel chotentha madigiri opitirira pang'ono 1000. Akachokera ku natural gas, gasi wa pansi pa nthaka, amatuluka pafupifupi 40 peresenti nayitrojeni, 40 haidrojeni ndi 20 carbon monoxide, gasi wa poizoni uja wotuluka m'makala oyaka. Ubwino wake ndi woti ungamusinthe kuti agwirizane ndi kaboni wa chitsulo chimene chili m'ng'anjo. Ganizani za nyama yoviika m'madzi: madzi akakhala opanda mchere amakoka mchere wa nyama, akakhala a mchere wambiri nyama imamwa mchere, akafanana palibe chimasintha. Gasi nayenso ali ndi mulingo wake wa kaboni umene amati carbon potential, ukatsika amaba kaboni wa chitsulo, ukakwera amachipatsa. Ndiye pa ng'anjo pamakhala zopimira usana ndi usiku, china chimayeza chinyezi cha gasi, china ndi kandodo koyeza okosijeni, chachibale ndi sensa ya okosijeni imene ili pa ekizozi ya galimoto yanu. Kachibowo kakang'ono pa chitseko kapena paipi ya madzi yodontha ingathe kuwononga katundu yense wa usiku umenewo, ndipo aliyense amene anaotchapo fodya wa flue m'balani akudziwa mmene zimawawira kuti masiku onse aja walondera moto kenako kampweya kolakwika kakuwonongera mtundu.

Pamene gasi akuwonjezera, osati kungoteteza

Giya imafuna zinthu ziwiri zotsutsana. Mano ake akhale olimba kuti asadyeke, koma mkati mukhale mopirira kuti ikagwedezeka isasweke. Ngati mtedza, chikhokho cholimba kunja. Njira yake ndi kutenga chitsulo cha kaboni wochepa, cha m'ma 0.2 peresenti, kuchiika m'ng'anjo ya madigiri 900 mpaka 950 mu gasi wa kaboni wambiri, kaboni n'kumalowa pakhungu mpaka kufika cha m'ma 0.8 peresenti, kenako kuviika. Khungu limalimba, mtima umatsala wofewerako. Uku ndi carburising. Khungulo nthawi zambiri limakhala theka la milimita mpaka milimita imodzi ndi theka, ndipo limatenga maola. Kuipa kwake kulowa kwa kaboni kumachedwa kukamapita mkati: ukafuna khungu lochindikala kawiri uyenera kudikira nthawi yochuluka kanayi. Apa mutha kuona pamene wopanga zotchipa angadulire njira. Sipuloketi ya njinga yamoto ya khungu lopyapyala ndi ya khungu lokwanira zimaoneka chimodzimodzi pa shelefu, kusiyana kumadzaoneka kabaza atayenda miyezi iwiri.

Njira imeneyi si yachilendo. Kalekale osula ankaika chitsulo m'bokosi kapena m'dongo pamodzi ndi makala opera kapena mafupa otentha, kumata bwino n'kuika pamoto kwa maola. Makala aja amapanga carbon monoxide mkati mwa bokosi, yemweyo amene ali mu endogas. Ndipo wosula wodziwa amaika chitsulo chake mkati mwa mulu wa makala, osati pafupi ndi kamwa ya mvukuto pamene mphepo ikulowera, chifukwa pamenepo ndi pamene okosijeni wachuluka. Makolo athu amene anasiya ng'anjo zosungunulira chitsulo zimene zikuonekabe ku Kasungu ankalimbana ndi nkhani yomweyi ya makala ndi mphepo.

Palinso nitriding, pamene m'malo mwa kaboni amalowetsa nayitrojeni wochokera ku ammonia pa kutentha kotsikirapo, madigiri 500 mpaka 550. Imatenga nthawi yaitali, pena masiku awiri kapena atatu, koma safunika kuviika ndiye chitsulo sichipindika. Makilankishafuti ena, makamaka a injini za dizilo, amalimbitsidwa chonchi ndipo khungu lake ndi lopyapyala kwambiri. Amene mumapititsa kilankishafuti kokapala muzifunsa za zimenezi, chifukwa kupala kwambiri kumatha kuchotsa khungu lonse lolimba n'kutsala chofewa.

Kuopsa kwake

Magasi amenewa amateteza chitsulo, osati munthu. Carbon monoxide wa mu endogas ndi yemwe uja amapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka mwezi wa June ndi July, alibe fungo, alibe mtundu, ndipo amagwira magazi mwamphamvu kuposa okosijeni ka 200 n'kupitirira. Haidrojeni amayaka akakhala paliponse pakati pa 4 ndi 75 peresenti mumpweya, ndiye lamulo la ng'anjo zotere ndi loti gasi woyaka salowetsedwa ng'anjo isanafike madigiri 760, pokhapokha atayamba atsukamo ndi nayitrojeni. Pamwamba pa 760 gasi akakumana ndi mpweya amangoyaka pomwepo bwinobwino, pansi pake amaunjikana kudikira kuphulika. N'chifukwa chake pa zitseko za ng'anjozi pamayaka lawi nthawi zonse. Ndipo kwa ife kuno nkhani ya kuthima kwa magetsi ndi yaikulu pamenepa: magetsi akapita ng'anjo ili yodzadza gasi, kutentha kumayamba kutsika, ndiye payenera kukhala thanki ya nayitrojeni imene imatseguka yokha kuthamangitsa gasiyo, osadalira kuti wina athamange.

Nayitrojeni ndi argon sayaka, si poizoni, koma amapha mwakachetechete pochotsa okosijeni. Munthu samva kubanika, amangogwa. Argon ndi wolemera kuposa mpweya ndiye amakhazikika m'maenje ndi m'mathanki, ndipo kawirikawiri wachiwiri kufa amakhala amene analowa kukapulumutsa mnzake.

Zikutikhudza pati ife a ku Lilongwe

Mwina mukuti ng'anjo zoterezi zili kutali, ku Johannesburg kapena ku China. Koma mpweya woteteza mumauona tsiku lililonse pa msewu. Chokutira chija cha pa ndodo yowotcherera chikamapsa chimatulutsa gasi ndi chikhokho zimene zimaphimba chitsulo chosungunuka kuti mpweya usachikhudze. Ndodo ikanyowa kapena chokutira chikasweka, chowotchereracho chimatuluka ndi timabowo ngati chisa cha chiswe. Makina owotcherera otchedwa MIG amagwiritsa ntchito carbon dioxide kapena wosakaniza ndi argon, a TIG amagwiritsa argon, ndipo ukawotcherera pa mphepo gasi amauluzika n'kusiya ntchito yoipa.

Komanso kuwotcherera kulikonse ndi heat treatment yosakonzekera. M'mbali mwa pamene wawotcherera chitsulo chafika pofiira kenako chazizira msanga chifukwa chitsulo chozizira chozungulira chimakoka kutentha. Pa geti palibe vuto. Pa sipuling'i, pa ekiselo, pa chiwongolero, pamenepo pamabadwa martensite wosabwezedwa, ndiye chimadzathyoka pambali penipeni pa chowotcherera, anthu n'kumati ndodo inali yoipa. Kuthirapo madzi kuti chizizire msanga kasitomala akudikira kumangowonjezera vutolo.

Mukamagula mabawuti cha ku Malangalanga yang'anani pamutu pake. Olembedwa 8.8, 10.9 kapena 12.9 anaviikidwa ndi kubwezedwa ku fakitale, pomwe 4.6 ndi 4.8 ndi wamba. Bawuti ya 10.9 ukaifiiritsa ndi gasi kuti imasuke, nambala ija imatsala pamutu koma mphamvu yake yapita, isabwererenso pa malo ofunika ngati ku mawilo kapena ku injini. Zitsulo zomangira nyumba, ma Y12 ndi Y16, zambiri za masiku ano zimalimbitsidwa pothiridwa madzi zikungotuluka pa makina zili zofiira, khungu limauma kenako kutentha kwa mkati kumalibweza kokha, nzeru yomwe ija ya tchizulo ya madala. Ndiye kuzitenthetsa ndi moto pa saiti kuti zipindike mosavuta kumafafaniza zimene fakitale inachita pamalo pomwe papindidwapo.

Pa mkangano wa zopangidwa konkuno ndi zochokera kunja, mbali zonse zili ndi mfundo. Fakitale yokhala ndi ng'anjo yoyezedwa imatha kutulutsa zidutswa masauzande zofanana ndendende, chimene munthu wa maso ndi maginito sangathe. Koma fakitale imathanso kufupikitsa maola kuti itchipitse, pomwe wosula waluso amene akudziwa chitsulo chake amatulutsa nkhwangwa yokhala zaka. Chimene chimavuta kwa wosula ndi choti zitsulo zakutha sizibwera ndi pepala, sipuling'i ziwiri zooneka mofanana zingathe kukhala zosakaniza zosiyana, ndiye amayenera kuyesa kachidutswa kaye. Ine ndikanakonda anyamata amene akuphunzira kuwotcherera ndi kukonza magalimoto ku Lilongwe Technical College ndi m'magalaja a m'makwalalamu azimva nkhaniyi molawirira, chifukwa zida zimene amazigwira tsiku ndi tsiku ndi zonyamula miyoyo ya anthu.

Za mahamala aja, madala anauza bambo wa chigayo kuti abwere nawo atsopano asanabooledwe. Anati adzawafiiritsa n'kuwakwirira m'phulusa usiku kuti afewe, m'mawa aboole ndi dirilo osati ndi moto, kenako adzatenthetsa mbali yomenya chimanga yokha mkati mwa makala mpaka maginito asiye kugwira, aviike mu oyilo, n'kubweza mpaka bulawuni, mbali ya bowo itsale yofewerako kuti isathyoke pa pini. Anawonjezera kuti awayeze pa sikelo akhale olemera mofanana, apo ayi chigayo chidzanjenjemera mpaka kudya mabering'i. Bambo uja anafunsa kuti zitenga masiku angati poti anthu akudikira kugayitsa. Madala anati awiri. Anadandaula pang'ono, kenako anatola mahamala ake othyoka aja n'kubwezera m'kathumba, nati abwera Lachinayi ndi sipuling'i ina.